TIWERENGE DZINA LA M'ZILEMBO ZAZING'ONO

Abale athu a m'migodi ndi a m'mapulazi, tsiku la Sabata masana nchito itaima, ife okonda nyimbo za jazz timasonkhana kwa mnzathu amene akali ndi galamafoni, ndipo makani athu sasintha. Wina ati mbale zoposa zonse ndi za kampani ya Blue Note, imene Alfred Lion anaiyamba ku New York m'caka ca 1939. Wina akana, nati za Decca ndizo zomveka bwino. Wacitatu aturutsa pepala la cikondwerero ca nyimbo, nawerenga maina a pamwamba, nafunsa ngati cikondwerero copanda woimba wa ku America ciyenera ndalama ya pakhomo. Makani awa ngokoma, ndipo ifenso timalowamo. Koma cotidetsa nkhawa ndi ici: maina a makampani tiwadziwa pamtima, pamene dzina la munthu amene anapeka nyimbo, lolembedwa m'zilembo zazing'ono pakati pa mbale, sitiliwerenga konse.

Taonani nyimbo ija ya Skokiaan. Anaipeka August Musarurwa, woimba sakisofoni wa ku Bulawayo, amene poyamba anali wapolisi. Gulu limene anayamba kuijambula nalo linali la pa nchito, la kampani yosunga nyama ya Cold Storage Commission, ndipo dzina la nyimboyo ndi la mowa woletsedwa umene unkaphikidwa m'malokesheni. M'caka ca 1954 mbale ya Gallotone inaoloka nyanja, ndipo caka comweco Louis Armstrong anaijambula pa Decca. Mzungu wina wa ku America, Tom Glazer, anaikamo mau a Cingelezi, ndipo dzina lace linakhala pambali pa la mwini nyimbo. Lero mukafunsa anthu khumi kuti Skokiaan nja yani, ambiri adzati nja Armstrong. Komatu Armstrong mwini wace, atafika ku Southern Rhodesia mu 1960, anaonana ndi Musarurwa. Ngati mlendo anadziwa mwini mudzi, ife apafupi tiiwaliranji?

Mu January 1960, ku Johannesburg, anyamata asanu ndi mmodzi ochedwa Jazz Epistles anajambula mbale yao ya Verse 1. Mwa iwo munali Kippie Moeketsi, Hugh Masekela, Jonas Gwangwa ndi Dollar Brand, amene pambuyo pace anachedwa Abdullah Ibrahim. Mbale zimene zinasindikizidwa zinali ngati 500 zokha. Mu March caka comweco anthu anaomberedwa ku Sharpeville, misonkhano inaletsedwa, ndipo gululo linabalalika. Masekela, Gwangwa ndi Ibrahim anakakhala kunja zaka zambiri, monga amacona athu. Moeketsi, amene anzace ankamuyesa mphunzitsi wao, anamwalira mu 1983 ali wosauka. Lero mbale ija osunga zakale aifunafuna ndi ndalama zambiri, koma mwini mpweya umene unalowa m'lipenga sanalawe phindu lace.

Wina adzati, kudziwa dzina kupindulanji? Kupindula ndithu, pakuti dzina ndilo njira ya ndalama. Masiku aja oimba akuda ambiri ankalandira kandalama kamodzi kokha pa tsiku lojambula, ndipo mbale ikagulidwa zikwi zambiri, iwo sankaonanso kanthu. Tsopano alipo mabungwe osonkhetsa malipiro a opeka nyimbo, monga SAMRO ya ku South Africa imene inayamba mu 1961, ndi COSOMA ya ku Malawi imene inayamba mu 1992. Nyimbo ikaimbidwa pa wailesi kapena pa bwalo, ndalama itsata dzina lolembedwa m'buku. Dzina likasowa kapena likalembedwa la wina, ana a mwini nyimbo agona ndi njala pamene nyimbo ya atate ao iri kubvinitsa anthu.

Za zikondwerero nazo tinenepo. Mu 1964, pa bwalo la Orlando ku Soweto, panali mpikisano waukuru wa jazz. Mphotho yoyamba inapita kwa anyamata atatu ochedwa Malombo Jazz Men: Philip Tabane wa ku Mamelodi pa gitala, Abbey Cindi pa citoliro, ndi Julian Bahula pa ng'oma za makolo. Analibe piyano, analibe malipenga ambiri, koma anapambana magulu ochuka. Munthu amene akanacoka msanga tsiku lija, poona kuti maina awa sawadziwa, akanadzimana yekha. Cifukwa cace pepala la cikondwerero tiliwerenge kufikira pansi, osangoyang'ana zilembo zazikuru. Akulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo dzina lalikuru pa pepala silitsimikiza kuti nyimbo idzakoma.

Tisamveke molakwa. Jazz inabadwira ku New Orleans pakati pa anthu akuda a ku America, ndipo kukonda Armstrong kapena Duke Ellington si cimo ai. Tibvomerezanso kuti popanda makina a makampani, mau a Musarurwa sitikanawamva lero, pakuti kujambula ndi kusindikiza mbale kufuna cuma. Kampani iyamikidwe pa nchito yace. Cimene tikana ndico kuyamika nkhokwe ndi kuiwala mlimi. Inu amene mumatsika m'mgodi usiku, ndi inu othyola fodya m'mame, mudziwa bwino kuti golide ndi mabelo zimacoka ndi dzina la kampani, koma dzina la wokumba kapena la wothyola silioneka pali ponse. Ife tisacitire oimba zimene zimatiwawa ife tomwe.

Tsono tipempha zinthu zitatu. Mukatenga mbale, kapena mukamvera nyimbo pa foni, funsani amene anaipeka, ndipo muchule dzina lace kwa anzanu. Mukakhala ndi ndalama yogula nyimbo, gulani m'njira imene gawo lace lifika kwa mwini, osati kungokopera kwa mnansi. Ndipo pa cikondwerero fikani msanga, pamene oimba a pansi pa mndandanda ali pa bwalo. Sabata likudzali, tikakumananso pa galamafoni, tiyambe ndi Skokiaan, ndipo woika singano ayambe wawerenga mokweza dzina la m'zilembo zazing'ono.