Zulani misomali pa mazenera a zipatala, anamwino akudwala

Akonzi,

Ndiloleni ndipereke dandaulo langa kudzera pa tsamba lino. Mchemwali wanga ndi namwino pa chipatala china chaching'ono kuno kunyanja, m'boma la Mangochi. Mu Julayi, mwera utafika pachimake, anagona masiku asanu ndi anayi ndi chimfine chija chophwanya m'thupi monse: kutentha thupi, litsipa, ndi chifuwa chouma chosagona nacho tulo. Iye atangoyamba kudya, mwana wake wa zaka ziwiri anachitenga. Kenako chinagwira mayi athu, omwe ali ndi shuga, mpaka tinawathamangitsira kuchipatala chomwecho pa kabaza usiku. Ine ndinakhala gadiyani wawo masiku atatu, ndipo zomwe ndinaona ndizo zandilembetsa kalatayi.

Chipinda chodikirira odwala chili ndi mazenera anayi. Atatu anawakhomera misomali. Nditafunsa, anandiuza kuti waya wotchinga udzudzu unang'ambika kalekale, komanso akuba ankapisa dzanja usiku n'kutenga mafoni. Zenera lachinayi amalitseka okha odwala chifukwa cha kuzizira kwa mwera. Pofika 8 koloko m'mawa mabenchi amakhala atadzaza: amayi obereka makanda, agogo, asodzi omwe achezera panyanja ndi nyali zawo kusaka usipa, onse akutsokomola m'chipinda chimodzi. Munthu ukangolowa umamva fungo la mpweya wopumidwa kale.

Ndinamuyang'ana mchemwali wanga akuyeza bambo wina yemwe ankatsokomola mpaka misozi. Anawerama kuti amve kupuma kwawo, nkhope yake ndi yawo kutalikirana chikhatho chimodzi. Kukamwa kwake kunali kansalu komwe anasoketsa kwa telala nthawi ya Covid-19, kochapachapa mpaka kupyapyala. Madzulo ndinamufunsa za masiki enieni. Anandiyankha kuti, "Achemwali, akabwera ndi ochepa, ndiye timasungira kochirira amayi ndi kwa odwala TB. Chimfine timangoti ndi chimfine."

Mawu amenewo andikhala pamtima, chifukwa chimfine chotere si chibwana. Munthu akatsokomola, kuyetsemula, ngakhale kungolankhula, amatulutsa timadontho. Tikuluikulu timagwa pafupi, koma ting'onoting'ono, tosaoneka ndi maso, timayandama m'chipinda nthawi yaitali. Aliyense amene anawambapo nsomba m'khitchini yotseka amadziwa kuti utsi suthera pamoto pokha, umadzaza nyumba yonse n'kukanirira m'zovala. Wodwala amakhala mu utsi wosaonekawu ola limodzi kapena awiri n'kumapita kwawo. Namwino, wokolopa ndi kalaliki wolemba mayina amaupuma kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, sabata ndi sabata.

Chondiwawa n'chakuti akatswiri anazifufuza kale izi, zina m'dziko mwathu momwemuno. M'zaka za m'ma 1990, Dr Anthony Harries ndi anzake anapeza kuti ogwira ntchito m'zipatala za ku Malawi ankadwala chifuwa chachikulu kuposa anthu ena. Ku Blantyre, ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anatsata matenda a chimfine pa chipatala cha Queen Elizabeth ndipo anaona kuti akuluakulu omwe ali ndi HIV amachitenga msanga ndipo chimawapweteka kwambiri. Kodi pa mabenchi athu aja, angati ali ndi kachilomboka? Nanga mwa ogwira ntchito?

Kafukufuku amene amandikhudza kwambiri ndi wa ku Lima, m'dziko la Peru, yemwe anatuluka mu 2007. Anayeza kayendedwe ka mpweya m'zipinda za zipatala ndipo anapeza kuti kungotsekula mazenera ndi zitseko kunkasintha mpweya wa m'chipinda pafupifupi maulendo 28 pa ola, kuposa zipinda zomwe zinali ndi makina okwera mtengo osinthira mpweya. Zipatala zakale, za denga lalitali ndi mazenera aakulu, ndizo zinapambana zonse. Ife kuno Mulungu anatipatsa mphepo ya panyanja yaulere, yosafuna magetsi kapena jenereta, ndiye tikuikhomera kunja ndi misomali.

Sitinganene kuti sitinaphunzire. Mu Epulo 2020 anamwino ndi madokotala ananyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera. Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi ndi Covid-19, dziko lonse linanjenjemera. Masiku amenewo pakhomo pa chipatala panali ndowa ya madzi ndi sopo, odwala ankakhala motalikirana pansi pa mtengo, wopanda masiki sankalowa. Mliri utazilala, zonse zinapita nawo. Ndowa ija pano akutungira madzi okolopera.

Sindikupempha zinthu za mamiliyoni. Akuluakulu a zaumoyo m'boma lino aike waya watsopano ndi zitsulo zotchinga akuba, mazenera azikhala otsekula. Amange kachisakasa panja, ka denga ndi mizati basi, kuti anthu azidikirira pomwe mphepo ikudutsa. Pakhomo pazikhala munthu wofunsa amene akutsokomola, awapatse chophimba kukamwa ndi mphuno, awakhazike paokha ndi kuwaonetsa kwa dokotala msanga. Masiki a N95 azifika mwezi wa Meyi usanathe, chifukwa mwera sudzidzimutsa munthu, chaka chilichonse umabwera nyengo yake yomweyo. Ndipo namwino akadwala aziloledwa kugona kunyumba. Mchemwali wanga, masiku awiri oyamba, anapitabe kuntchito akunjenjemera chifukwa panalibe womulandira, ndipo m'manja mwake munadutsa makanda.

Ndikupemphanso aphunzitsi ndi ophunzira a Kamuzu University of Health Sciences, omwe akhala akuphunzira ndi kufufuza kuno ku Mangochi ndi ku Lungwena kwa zaka zambiri. Bwerani mudzayeze mpweya wa m'zipinda zathu zodikirira, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Monkey Bay. Muwerenge kuti ndi anamwino, alangizi a zaumoyo ndi okolopa angati amene amagona ndi chimfine kapena TB pa chaka. Zomwe mupeze mudzatiuze m'Chichewa ndi m'Chiyao, pamaso pa mafumu ndi makomiti a zipatala, kuti nafenso tikhale ndi poyambira polankhula.

Mayi atatuluka, ndinapita kwa woyang'anira chipatalacho n'kumuuza kuti ndili ndi mlamu wanga kalipentala, ndipo pabanja pathu tasonkherana ndalama ya waya wa mazenera atatu aja. Anandithokoza, koma anati sangakhudze nyumbayo popanda chilolezo cha akuluakulu, ndipo alemba kalata. Patha miyezi iwiri tsopano. Waya uli kuseri kwa chitseko kunyumba kwanga, mchemwali wanga anabwerera kuntchito, ndipo misomali ikadali pomwepo.

Ine wodandaula,
Mchemwali wa namwino,
Mangochi