Tipemphe thebulo la pakhomo

Tatopa kuzungulira mu Cairo Road ndi ma CV amene amathera kwa alonda pageti. Eni mabizinesi amene tikuwafunawo amakumana pa misonkhano ya Lusaka Chamber of Commerce, ndipo msonkhano uliwonse umafuna anthu othandiza.

Tiyeni tidzipereke. Zoona, malipiro palibe, ndipo ndalama ya minibasi imacoka m'thumba mwathu. Kwa wocokera ku Kanyama kapena ku Chawama, imeneyo si nkhani yaing'ono. N'cifukwa cake tisavomere kumangonyamula mipando kumbuyo. Tipemphe thebulo lolembetsa alendo. Pamenepo bwana aliyense amaima, amachula dzina lake ndi kampani yake, ifenso n'kuchula lathu. Tikadzawaimbira foni pa Mande, tidzayamba ndi kuti, "Bwana, ndine uja wa pakhomo."