Mkute wa Khirisimasi

Anzanga ena kuno ku seminale amandiseka ndikanena kuti kwathu ku Mchesi chakudya chokoma koposa timadya pa 26 Disembala, tsiku la Stefano Woyera. Amati umenewo ndi mkute. Inde ndi mkute, nanga cholakwika n'chiyani?

Bambo amagula nyama ya nkhumba kamodzi pachaka basi. Yotsala amayi sataya, ndiponso sakasungitsa m'firiji kwa aneba, poti magetsi nyengo ya mvula ngosadalirika. Usiku womwewo amaithira mchere n'kuiwamba pa mbaula mpaka iume. M'mawa mwake tizidutswa timalowa mu nyemba, mafuta ake amakazingira mpiru, mafupa amawiritsa kuti tipeze msuzi. Banja la anthu asanu ndi awiri limadyerera masiku atatu.

Chimodzi chokha ndichonderere, makolo: mkute uziwira ndithu, osati kungoufunditsa. Disembala ngotentha, ntchentche n'zambiri. Tisaiwale kuti mu Januwale 2023 kolera inachedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre.

Tchuthi chikubwerachi amayi alonjeza kundiphunzitsanso kuwamba. Chaka chatha ndinagona pafupi ndi mbaula, theka la nyama n'kupserera.