Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa

Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa, anatero akuluakulu. Ankachenjeza munthu wopeputsa chinthu chifukwa chongochizolowera, amene amadzachilira tsiku loti chasowa. Mwambiwu lero ukutikhudza tonse amene tikaona kadzidzi timatola mwala, tikamva mileme kudenga timaitana wopopera mankhwala, tikamva fisi timathira poizoni pa nyama yakufa. Zamoyo zimenezi zimatigwirira ntchito usiku ife tili m'tulo, ndipo poti ntchitoyo sitiiona, timayesa kuti palibe.

Tikamva za kuteteza nyama zakutchire, maganizo amathamangira ku Liwonde, ku Majete kapena ku Nyika, kumene kuli njovu, mipanda yamagetsi ndi alonda onyamula mfuti. Malo amenewo ndi ofunika. Koma gawo lalikulu la dziko lino ndi minda, midzi, madambo ndi matauni, ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti tinali titakwana kale 17.5 miliyoni. Zamoyo zambiri sizidzalowa m'paki. Ngati zipulumuke, zidzapulumukira m'munda mwa mlimi ndi m'mphepete mwa mitsinje ya m'tauni. N'chifukwa chake akatswiri ena a zachilengedwe anayamba kufufuza nyama zimene zimakhala pakati pa anthu, ndipo zimene akupeza zikusonyeza kuti tikuthamangitsa antchito athu omwe.

Tiyambe ndi kadzidzi, amene mbiri yake inaipa kalekale. Akalira padenga, a m'nyumbamo amagwidwa nthumanzi, amati kukubwera maliro kapena wina wachita kumutuma. Mantha amenewa si oseka nawo, tonse tinakula nawo. Koma tidzifunse kuti padengapo wadzatani. Pafupi pali nkhokwe kapena matumba a chimanga, ndipo pamene pali chimanga sipalephera makoswe. Umboni wake sufuna sukulu. Pitani pansi pa mtengo kapena m'nyumba yakale imene kadzidzi amagona masana. Mupezapo timibulu takuda kapena totuwa timene amalavula akatha kudya, poti iye amameza nyama yathunthu ndipo ubweya ndi mafupa sizigayika m'mimba mwake. Mukaphwanya kamodzi ndi kamtengo, mupeza kachigaza ka mbewa, mano akutsogolo achikasu aja ali pomwepo, pamodzi ndi timafupa ta miyendo. Ofufuza amatola timibulu timeneti tambirimbiri n'kumawerenga zigaza, ndipo umu ndi mmene zinadziwikira kuti banja limodzi la akadzidzi oyera kumaso, likamalera ana, limatha kudya mbewa ndi makoswe oposa 2,000 pa chaka.

Ku Israel, kuyambira m'zaka za m'ma 1980, alimi mothandizana ndi katswiri wa mbalame Yossi Leshem anayamba kukhoma mabokosi pa mitengo yoimika m'minda kuti akadzidzi aziswerana momwemo. Lero mabokosiwo alipo zikwi zingapo, alimi a ku Jordan ndi ku Palestine analowa nawo m'ntchitoyi, ndipo ambiri anachepetsa kugula poizoni wa makoswe. Ife timachita zosiyana. Timagula poizoni wa tameki pamsika, khoswe amadya n'kumayenda dzandidzandi, kadzidzi kapena mphaka amamugwira mosavuta n'kufa naye limodzi. Makoswe amaswana msanga kuposa akadzidzi, choncho pakatha miyezi yochepa amabwerera ochuluka, owadya kulibe. Poizoni yemweyo watilanda kale ana ndi akulu omwe m'makomo ambiri.

Mleme nawo timaudziwa ndi fungo la kudenga basi. Koma ku Levubu, m'chigawo cha Limpopo ku South Africa, Peter Taylor ndi anzake a pa yunivesite ya Venda anakuta mitengo ina ya makademiya ndi maukonde kuti mileme ndi mbalame zisafike. M'mitengo yokutidwayo tizilombo toboola mtedza tinaononga kwambiri kuposa m'mitengo imene mileme inkafikamo. Alimi athu a makademiya ku Thyolo ndi ku Ntchisi ayenera kutchera khutu, chimodzimodzi mlimi wa chimanga amene wakhala akulimbana ndi mbozi zankhondo kuyambira pamene zinafika kuno cha m'ma 2016 ndi 2017, chifukwa mayi wa mboziyo ndi gulugufe wouluka usiku, nthawi imene mileme yodya tizilombo imasaka. Mileme ikuluikulu yodya zipatso ili ndi ntchito ina. Imene imasonkhana mamiliyoni ku Kasanka m'dziko la Zambia kuyambira Okutobala mpaka Disembala ndi ya mtundu umene ofufuza ku Ghana anapeza kuti umatha kunyamula njere za mitengo mtunda wofika makilomita 75. Palibe bungwe lobzala mitengo limene lingafese mbewu patali chotero popanda kulipidwa.

Nkhani ya fisi ndi yolemera, ndipo pano ndiyenera kulankhula mosamala. Fisi amagwira mbuzi, amathyola khola, ndipo m'maboma ena walumapo anthu mpaka kupha ana. Kholo limene linataya mwana silingauzidwe kuti fisi ndi bwenzi. Fisi amene wayamba kugwira anthu ayenera kuchotsedwa msanga ndi a nthambi yoona za nyama zakutchire. Koma kulakwa kwa mmodzi sikutipatsa chifukwa chopululira mtundu wonse. Mu mzinda wa Lilongwe muli afisi, ndipo gulu la ofufuza lotsogoleredwa ndi Emma Stone lakhala likuwatsata powaveka malamba a m'khosi osonyeza kumene akuyenda. Masana amabisala m'malo amene mwatsala thengo, usiku amayenda m'tauni kufuna chakudya, anthu ambiri osadziwa n'komwe. Ku Mekelle m'dziko la Ethiopia, kafukufuku wa 2021 anapeza kuti afisi amachotsa zotsala za ziweto zakufa zoposa matani 200 pa chaka, motero amachepetsa matenda amene akanagwira anthu ndi ziweto kuchokera ku mitemboyo. Walira mvula walira matope: amene akufuna mudzi wopanda zovunda avomerenso kumanga khola lolimba, kusataya matumbo ndi mafupa pafupi ndi nyumba, ndi kusalola ana kugona panja kapena kuyenda okha usiku.

Wina anena kuti zonsezi n'zongoyerekeza, nyama zimenezi zitatha sipangachitike kanthu. Ayang'ane ku India. Kumeneko kunali miimba mamiliyoni ambiri imene inkamaliza mtembo wa ng'ombe usanayambe kununkha. M'zaka za m'ma 1990 miimba inayamba kufa, ndipo mitundu itatu inachepa ndi zoposa 95 pa 100 alionse. Chifukwa chake chinadziwika mu 2004: mankhwala a ululu otchedwa diclofenac, amene ankabaya ng'ombe zodwala, ankaononga impso za muimba wodya mtembowo. Boma linaletsa mankhwalawo pa ziweto mu 2006, zinthu zitaipa kale. Mitembo inkavundira pamtunda ndi m'madzi, agalu osowa mwini anachuluka, chiwewe chinafala. Mu 2024 akatswiri awiri a zachuma, Eyal Frank ndi Anant Sudarshan, anawerengera kuti kutha kwa miimba kunachititsa imfa za anthu pafupifupi 500,000 pakati pa 2000 ndi 2005. Ambiri sankaiyamikira miimba ili moyo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo kuno kwathu miimba ikufa kale podya nyama zimene anthu athira poizoni pofuna kupha afisi ndi zilombo zina.

Chosangalatsa n'chakuti njira yotetezera zamoyo zimenezi si yachilendo kwa ife. Makolo athu sankalambula munda mpaka kuusiya mbee. Ankasiya nsangu, umene umayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kunenepetsa chimanga pansi pake. Ankasiya masuku, mikuyu ndi mitengo ina ya zipatso. Nkhalango ya kumanda sinkalowa nkhwangwa, ndipo mpaka pano, mukamayenda m'chigawo chapakati, mitengo yachilengedwe imene yatsala m'midzi yambiri ndi ya kumanda. M'mphako za mitengo yakale imeneyo ndi mmene kadzidzi amaikira mazira ndi mmene mileme imagona. Mtengo wa mphako ukagwetsedwa kuti uotchedwe makala, mileme imasamukira kudenga la sukulu, ndiye timayamba kudandaula za fungo. Ngakhale pamenepo mpopera si yankho. Mileme imachotsedwa potseka mipata ya denga itatuluka madzulo, pa nyengo imene ilibe ana, n'kuikhomera bokosi pamtengo wapafupi.

Choncho pempho langa likupita kwa anthu odziwika. Alangizi a zaulimi, pophunzitsa za feteleza ndi mbewu, aziphunzitsanso kusiya mtengo wa mphako m'malire a munda ndi kuchepetsa moto wolusa umene osaka mbewa amayatsa chilimwe. Makhonsolo a Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu aleke kungoyang'ana pamene anthu akumanga mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje, chifukwa thengo la m'mbali mwa Lingadzi kapena Mudi ndilo njira ya nyama, ndiponso ndilo limagwira madzi osefukira. Apolisi ndi oyang'anira misika achotse poizoni woopsa amene akugulitsidwa m'timapepala pambali pa tomato. Aphunzitsi atenge ana akaphwanye timibulu ta kadzidzi, aone okha zigaza za makoswe. Mafumu ndi atsogoleri a mipingo, amene mawu awo amamveka pa nkhani za malodza, anene poyera kuti kupha kadzidzi sikunaletsepo maliro ngakhale amodzi.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Akadzidzi akadalipo, mileme ikadatuluka madzulo, ndipo mitengo ya mphako sinathe yonse. Kuzisunga lero kukufuna khola lolimba, bokosi la matabwa ndi kusiya mwala pansi. Kudzazibweza zitatha kudzafuna zaka zambiri ndi ndalama zimene dziko lino lilibe, ndipo woyamba kulipira adzakhala mlimi wamng'ono amene nkhokwe yake ndiyo chakudya cha banja lonse.