Zikumbu Zinasamuka, Nanga Ise Tidzasamukila Kuti?

Nkhani ya kusintha kwa nyengo ikangoyamba pa Facebook, sipalephela kupezeka wina wolemba kuti nyengo yakhala ikusintha kuyambila kale, conco tileke kuvutitsa anthu. Wolembayo sananame. Koma akanadziŵa mmene asayansi anadziŵila zimenezo, sakanazikamba momasuka conco.

Umboni wina wamphamvu unacokela ku zikumbu. M’zaka za m’ma 1950, Russell Coope wa pa University of Birmingham ku England anali kufufuza pa malo okumba miyala ku Upton Warren, kumene kunali kupezeka mafupa a nyama za m’nthawi imene madzi oundana anakuta mbali yaikulu ya kumpoto kwa dziko. Anzake anali na cidwi na mafupa aakulu. Iye anakopeka na tuzidutswa tonyezimila m’matope: mitu na mapiko olimba a zikumbu zimene zinafa zaka masauzande ambili zapitazo. Cikumbu cili na cikopa colimba cimene siciwola msanga m’matope a madzi. Ngakhale ziwalo zobelekela za zikumbu zamphongo zimasungika, ndipo n’zimene akatswili amayang’ana kuti asiyanitse mtundu na unzake (inde, pali anthu amene nchito yawo ni imeneyo).

Ambili anali kuganiza kuti tuzilombo twakale conco tuyenela kuti tunatha. Coope anapeza kuti pafupifupi mitundu yonse ikalipo mpaka lelo, koma imakhala kwina. Cikumbu cina ca m’ndowe, Aphodius holdereri, cinali coculuka ku England m’nthawi ya madzi oundana. Lelo kuti ucipeze uyenela kupita kumapili a ku Tibet na madela oyandikana nawo. Ndipo apa m’pamene pali nzelu yonse. Ngati udziŵa kutentha kumene mtundu uliwonse umapilila lelo, ndiye wapeza mitundu makumi angapo m’dothi limodzi, umangoona pamene malile awo onse akumana, basi wadziŵa mmene malowo anali kutenthela. Coope na anzake T. C. Atkinson na Keith Briffa anafalitsa zotsatila za njila imeneyi mu magazini ya Nature mu 1987.

Zimene zikumbu zinaonetsa zinakhumudwitsa akatswili a mungu wa zomela. Mungu unali kuonetsa ngati dziko linafunda pang’onopang’ono pamapeto a nthawi ya madzi oundana. Zikumbu zinaonetsa kuti zaka pafupifupi 14,700 zapitazo Britain inafunda mwadzidzidzi, cilimwe cake n’kufika pafupi na ca masiku ano. Mtengo sungathamange, umatenga zaka mahandiledi kuti ufike kumalo atsopano, pamene cikumbu cimangouluka. Pambuyo pake madzi oundana amene anabooledwa ku Greenland anavomeleza zikumbu. Zaka 11,700 zapitazo, kumeneko kunafunda na madigili pafupifupi 10 m’zaka makumi ocepa cabe. Munthu wobadwa m’nyengo ina akanakalamba m’nyengo inanso.

Wina angati izo ni za kwa azungu, kuno kunalibe madzi oundana. Kuno kunali cilala. Mu 2005 asayansi anaboola pansi pa Lake Malawi mamita pafupifupi 380 na kutulutsa matope amene anaunjikana zaka zambili. M’matopemo munali mungu, mafupa a nsomba, na zotsala za nkhungu, tuzilombo tuja tumene tumakwela pa nyanja ngati utsi. Anapeza kuti pakati pa zaka 135,000 na 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa cakuti nyanja ya mamita 700 kuya inatsika na mamita pafupifupi 600. Madzi oposa 90 pelesenti anatha.

Ndiye tikamva kuti nyengo yakhala ikusintha, timavomela na mtima wonse. Funso n’lakuti zamoyo zinapulumuka bwanji. Zikumbu sizinazoloŵele kutentha kapena kuzizila kwatsopano. Zinasamuka, zina mtunda wa makilomita masauzande, popanda pasipoti, popanda viza, popanda landilodi wofuna lendi ya miyezi itatu. Anthu a nthawi imeneyo anali ocepa, osaka nyama na kuchela zipatso, ndipo nawonso anali kungotsata madzi. Ise tinaŵelengedwa 19.6 miliyoni mu 2022. Tili na minda yokhala na malile, nyumba za mabuloko, na damu la Kariba limene silinganyamulidwe kupita kumene mvula yathaŵila.

Pali kusiyana kwinanso. Kale zimene zinali kukankha nyengo zinali kusintha kwa mayendedwe a dziko pozungulila dzuŵa na mitsinje ya m’nyanja zamcele. Mpweya wa carbon dioxide unali kusinthasintha pakati pa 180 na 280 pa miliyoni. Lomba wapitilila 420, cifukwa ca malasha a pansi, mafuta na gasi zimene anthu atentha. Ambili mwa amene anatentha si ise, koma mvula siyang’ana zimenezo.

Sitikamba kuti cilala ciliconse ni cizindikilo ca mapeto. Ca mu 2024 cinabwela na El Niño, imene yakhala ikubwelabwela kwa zaka zambili. Koma cinationetsa mmene tilili osakonzeka. Pa 29 February caka cimeneco Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ni tsoka la dziko lonse. Mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a cimanga anapsa. Kariba inatsika, ndipo popeza malaiti athu ambili amacokela ku madzi, ometa tsitsi, owotchelela zitsulo na ogulitsa nkhuku za mufiliji anakhala maola ambili pa tsiku manja ali m’thumba. Zonsezo zinacitika cifukwa ca dzinja limodzi cabe.