Pulogalamu yogulidwa ndi misonkho ikhale ya anthu onse

Mawu akuti smart city akhala akumveka m'misonkhano ya makhonsolo a mizinda kwa zaka zoposa 15, ndipo amene amawatchula mokweza ndi makampani ogulitsa zipangizo zamakono, osati anthu okhala m'mizindayo. Mawuwa amanena za mzinda umene umayika tizipangizo tounika m'misewu, m'mapaipi a madzi, m'mabini a zinyalala ndi pamapolo a magetsi, n'kumasonkhanitsa pamalo amodzi zonse zimene tizipangizoto tapeza, kuti akuluakulu a mzinda adziwe msanga pamene paipi yaphulika, pamene magalimoto athithikana kapena pamene mtsinje wayamba kusefukira. Malo amodziwo ndi amene akatswiri amawatcha nsanja ya digito, kutanthauza pulogalamu yaikulu ya pakompyuta imene ntchito zina zonse za khonsolo, monga kutolera misonkho, kupereka ziphaso za malonda ndi kulandira madandaulo a anthu, zimadutsiramo. Funso limene silifunsidwa kawirikawiri ndi lakuti nsanjayo mwini wake ndani, chonsecho mwini nsanja amakhala ndi mphamvu pa kayendetsedwe ka mzinda zimene palibe wovota ndi mmodzi yemwe amene anamupatsa. N'chifukwa chake khonsolo iliyonse imene ikulipira ndi ndalama za misonkho iyenera kukana pulogalamu yotsekedwa.

Pulogalamu iliyonse imalembedwa ndi anthu m'chilankhulo chimene kompyuta imamva, ndipo zolembedwazo zimatchedwa khodi. Pulogalamu yotsekedwa ndi imene kampani imabisa khodi yake, moti wogula amangopatsidwa chilolezo choigwiritsa ntchito, koma sangaone mmene ikuwerengera msonkho wa nyumba, sangaikonze ikalakwitsa, ndiponso sangapite nayo kwa mmisiri wina mtengo ukakwera. Pulogalamu yotseguka, imene imadziwika ndi dzina loti open source, ndi imene khodi yake imaikidwa poyera pansi pa laisensi yolola aliyense kuiwerenga, kuisintha ndi kuigawira ena. Kusiyana kumeneku kumaoneka ngati nkhani ya akatswiri a makompyuta okha, koma kumakhudza ulamuliro weniweni, ndipo mizinda iwiri, Toronto ndi Barcelona, inaonetsa zimenezi pafupifupi m'zaka zomwezo.

Mu Okutobala 2017 bungwe la Waterfront Toronto linasankha kampani ya Sidewalk Labs, imene inali pansi pa Alphabet monga mmene ilili Google, kuti ikonze pulani ya dera lamakono la Quayside m'mphepete mwa nyanja ya Ontario, pamalo okwana maekala 12. Zithunzi za nyumba zamatabwa ndi misewu yosungunula yokha chipale zinakopa ambiri, koma anthu a mumzindawo atafunsa kuti deta, kutanthauza zonse zimene tizipangizo tidzalembe zokhudza mayendedwe ndi makhalidwe awo, idzasungidwa ndi yani, yankho logwira mtima silinapezeke. Ann Cavoukian, yemwe kale anali mkulu woteteza zinsinsi za anthu m'chigawo cha Ontario ndipo kampaniyo inamulemba kukhala mlangizi, anatula pansi udindo mu 2018 posakhutira ndi chitetezo cha detayo. Chaka chotsatira kampaniyo inatulutsa pulani ya masamba oposa 1,500 imene inaloza dera la maekala pafupifupi 190, kuposa kwambiri malo amene inapatsidwa poyamba, ndipo bungwe la Canadian Civil Liberties Association linatengera nkhaniyi kukhoti. Mu Meyi 2020 Sidewalk Labs inasiya ntchitoyo, ponena kuti mliri wa Covid-19 wasokoneza chuma. Toronto ndi mzinda wolemera, wokhala ndi maloya ndi akatswiri ochuluka, komabe unataya zaka ziwiri ndi theka ukukangana ndi kampani imodzi pa funso limene linayenera kuyankhidwa inki isanagwe papepala.

Barcelona inadzera njira ina. Ada Colau atakhala mfumu ya mzindawo mu 2015, khonsolo inalemba katswiri wa ku Italy, Francesca Bria, kuti atsogolere nkhani za digito, ndipo mfundo imene anaiyendetsa inali yakuti deta yochokera ku ntchito zolipiridwa ndi anthu ndi chuma cha anthu. Mapangano a khonsolo ndi makampani anayamba kukhala ndi ndime zokakamiza kampani kubweza detayo ku mzinda, ndipo ndalama zogulira mapulogalamu atsopano zinalunjikitsidwa ku mapulogalamu otseguka. Tizipangizo tounika ta mumzindawo timatumiza zimene tapeza ku nsanja yotseguka ya Sentilo, imene mizinda ina ya ku Catalonia inaitenga osalipira laisensi. Chofunika koposa ndi Decidim, nsanja imene inakhazikitsidwa mu 2016 kuti nzika zizipereka malingaliro, kukambirana ndi kutsatira mmene khonsolo ikukwaniritsira zimene inalonjeza. Pokonza pulani ya mzinda ya nthawi imeneyo, anthu pafupifupi 40,000 anatengapo mbali ndipo malingaliro oposa 10,000 anaperekedwa. Popeza khodi yake ili poyera, munthu wokayikira angathe kufufuza ngati lingaliro la mnzake linakwezedwa pamwamba mwachinyengo, ndipo chitsimikizo chotere sichingapezeke pa Facebook kapena pa nsanja ina iliyonse ya malonda. Helsinki inatenga Decidim n'kumaigwiritsa ntchito pogawa gawo la bajeti mogwirizana ndi zofuna za nzika, bungwe la European Union linaigwiritsa ntchito pa zokambirana za tsogolo la Ulaya mu 2021 ndi 2022, ndipo boma la Brazil linamangapo nsanja yake mu 2023. Ndalama zimene Barcelona inalipira kamodzi zinapindulira mizinda ndi maboma ambiri, ndipo zimene enawo awonjezera zimabwereranso kwa amene anayamba.

Palinso FIWARE, gulu la mapulogalamu otseguka limene linayamba mu 2011 ndi ndalama za European Union, ndipo kuyambira 2016 likuyendetsedwa ndi bungwe lokhala ku Berlin. Phindu lake lalikulu ndi muyezo umodzi wa kalembedwe ka deta, umene umachititsa kuti kachipangizo koyeza madzi kogulidwa kwa kampani ina kazimvana ndi pulogalamu yolembedwa ndi kampani ina. Khonsolo yotsatira muyezo wotere imatha kusintha wogulitsa popanda kuzula zonse zimene inaika kale, ndipo wogulitsa amene akudziwa kuti angathe kusiyidwa sakweza mtengo mwachisawawa.

Otsutsa ali ndi mfundo imodzi yolemera, ndipo amaitchula ndi dzina la Munich. Mzinda wa ku Germany umenewu unaganiza mu 2003 zosiya Windows n'kuyamba kugwiritsa ntchito pulogalamu yotseguka ya Linux, ndipo pofika 2013 makompyuta pafupifupi 15,000 a khonsolo anali atasamutsidwa pansi pa ntchito yotchedwa LiMux. Mu Novembala 2017 makhansala anavota kuti abwerere ku Windows, ponena kuti ogwira ntchito akudandaula ndiponso kuti mafayilo awo sakugwirizana bwino ndi a maofesi ena a boma. Nkhaniyi ndi yoona, ndipo aliyense wolimbikitsa mapulogalamu otseguka ayenera kuivomereza, koma imatsutsa bodza lakuti pulogalamu yotseguka ndi yaulere, osati mfundo ya umwini. Laisensi siilipiridwa, koma akatswiri oikonza, maphunziro a ogwira ntchito ndi makina osungira deta zonse zimadya ndalama chaka ndi chaka. Kusiyana n'kwakuti ndalamazo zimalipira luso limene limatsala mumzinda, m'malo molipira lendi imene imatuluka kunja. Ndipo Munich yomweyo inasinthanso maganizo mu 2020, pamene zipani zimene zinapanga mgwirizano wolamulira khonsolo zinalemba kuti mapulogalamu otseguka aziganiziridwa poyamba kulikonse kumene zingatheke.

Amalawi amaidziwa bwino mfundo imeneyi kudzera pa mjigo. Pampu ya Afridev, imene chiyambi chake chinali m'Malawi muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, kapangidwe kake si chuma cha kampani imodzi, moti fakitale iliyonse ingathe kupanga zitsulo zake ndipo mmisiri wa m'mudzi angathe kuimasula ndi sipanala. Komabe mijigo yambiri imakhala yakufa kwa miyezi kumene komiti ya madzi ilibe thumba la ndalama kapena munthu wophunzitsidwa. Kutseguka kumapereka ufulu wokonza, koma sikukonza kokha, ndipo khonsolo imene ikufuna nsanja yotseguka popanda kulemba ndi kusunga akatswiri ake ikungosankha njira ina yolepherera.

Dziko lino silikuyambira pachabe. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero za zipatala kudzera pa DHIS2, pulogalamu yotseguka yotsogoleredwa ndi yunivesite ya Oslo, ndipo mapu a boma othandiza pokonzekera ngozi monga kusefukira kwa madzi ku Nsanje ndi ku Chikwawa anaikidwa pa MASDAP, nsanja yomangidwa pa pulogalamu yotseguka ya GeoNode. Mbali inayo nayonso ikudziwika, ndipo inapweteka anthu ambiri. Boma linathetsa mgwirizano wake wosindikiza mapasipoti ndi kampani ya Techno Brain mu Disembala 2021, ndipo kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo, pamene Lazarus Chakwera, yemwe anali Pulezidenti panthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena alowa mwachinyengo m'makompyuta a nthambi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko ndipo akufuna dipo. Chimene chinaonekera kwa aliyense n'chakuti boma linalibe njira yakeyake yodzutsira ntchitoyo mwamsanga, ndipo odwala ofuna chithandizo kunja, ophunzira ndi amalonda ndi amene analipira kufooka kumeneko. Khonsolo ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu kapena Zomba imene ingaike kaundula wa misonkho ya nyumba, wa mapuloti ndi wa ziphaso za m'misika m'pulogalamu imene singathe kuiyendetsa yokha ikhala ikudziika pangozi yomweyo, ndipo mizinda yosauka ndi imene imakodwa mosavuta chifukwa kawirikawiri pulogalamu imabwera ngati mphatso kapena pamodzi ndi ngongole, mtengo weniweni n'kudzaonekera zaka za thandizo zitatha.

Nkhondo ya umwini wa nsanja imamenyedwa m'ndime za mgwirizano, nthawi imene khonsolo ikadali ndi mphamvu zokana. Mgwirizano uliwonse wogulira nsanja ya mzinda unene momveka kuti khodi yolembedwa ndi ndalama za anthu idzaperekedwa ku khonsolo ndi kuikidwa poyera, kuti deta yonse ndi ya mzinda ndipo idzatulutsidwa m'kalembedwe kamene pulogalamu ina ingawerenge, kuti makiyi olowera m'kati mwa makinawo adzakhala m'manja mwa ogwira ntchito a khonsolo kuyambira tsiku loyamba, komanso kuti gawo la ndalamazo lidzaphunzitsa akatswiri a m'dziko muno. Deta yokhudza munthu payekha, monga dzina lake, nyumba yake ndi ngongole zake, siyenera kuikidwa poyera, popeza chotseguka ndi khodi osati zinsinsi za nzika, ndipo lamulo loteteza deta limene Malawi anakhazikitsa mu 2024 limamanga khonsolo monga mmene limamangira kampani. Bungwe la PPDA, limene limayang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, lingathe kuika ndime zimenezi m'zikalata zimene makhonsolo onse amatsatira poitanitsa ogulitsa, ndipo achinyamata omaliza maphunziro a makompyuta ku MUBAS, ku MUST, ku UNIMA ndi ku Mzuni ndi amene angalembedwe ntchito yoyang'anira nsanjazo.