Madzi saiwala khwawa

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mtsinje ukhoza kuphwa zaka zingapo, anthu n'kulimamo chimanga, ena n'kumangamo nyumba, koma chaka cha mvula yambiri umabwera kudzatenga malo ake. Anzathu a ku Mtandire anaziona mu 2017, mtsinje wa Lingadzi utasefukira n'kulowa m'nyumba zawo.

Ife a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma tili ndi mboni yomwe sitiifunsa: mapu akale a boma, omwe amasungidwa ku nthambi yoyeza malo. Anawajambula potsatira zithunzi zotolera m'ndege, ndipo masentimita 2 papepalapo ndi kilomita imodzi pansi. Amaonetsa dambo lililonse lotsetserekera ku mitsinje ya Namitete ndi Bua, pomwe lidayambira ndi pomwe lidalekezera. Mizere yokhotakhota ya pamapuwa imakuuza komwe nthaka yatsika, komwe madzi adzathamangire.

Dera lathu lino lidayezedwa mwapadera. Chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme chitayamba mu 1968 ndi ndalama za World Bank, anthu oyeza malo anayenda m'midzi, nalembetsa minda ya mabanja m'dongosolo la ndunda. Agogo amene analoza malire nthawi imeneyo ankadziwa kuti dambo ndi msipu wa ng'ombe, ndi potunga madzi m'chilimwe, ndi pomweta udzu wofolerera. M'mphepete ankalimamo dimba, koma nyumba ankamanga kumtunda.

Lero tachuluka, minda yachepa, ndipo palibe amene angadzudzule bambo wofunira ana ake polima. Komabe tikamaumba njerwa pakati pa dambo, kukumba mchenga m'gombe ndi kudula bango lomwe limagwira nthaka, madzi a mvula sakhalanso ndi popumira. Amathamanga n'kukumba zigwembe, kenako mu Okutobala zitsime n'kuuma.

Pepala palokha silokwanira. Mapu sadziwa chaka chomwe madzi anafika pamanda, kapena chifukwa chomwe mudzi wina udasamukira kumtunda. Zimenezo zili m'mitu ya okalamba, ndipo akutha. Mawu a akulu amakoma akagonera, koma ife tisadikire kuti nyumba igwe kaye.

Khonsolo ya boma la Lilongwe isindikize mapuwa, iwapereke kwa mafumu ndi m'sukulu. Nyakwawa isanagawe malo kufupi ndi mtsinje, iyale pepalalo pabwalo, iitane agogo, achinyamata alembe zomwe anene.